Taonga Ndi Uti Pamenepa?

Lolemba

Kafulashi kosungiramo kanema kafika! Kabwera ndi mayi wina wochokera ku France, komwe mwana wanga wamkazi Taonga akuphunzira zoimba. Akuti muli sewero la nyimbo zokhazokha, eni ake amati opera, ndipo iyenso waimbamo. Chichokereni ndimangomuona pafoni, nkhope yodukaduka. Tsopano ndimuona wathunthu, ali pasiteji.

Vuto langa ndi pakamwa. Ndauza kale onse pampopi kuti Lamlungu abwere adzaone mwana wa mu komboni muno pa TV. Zofunika: mipando yobwereka, zitumbuwa, magetsi. Makamaka magetsi.

Lachiwiri

Magetsi kulibe. Ndikungoyang'ana TV yozima ngati ipepesa. Chakumadzulo abwera, ndayatsa msangamsanga.

Mayo ine! Siteji yopanda kanthu. Mpando umodzi, makwerero osapita kulikonse, basi. Anthu onse apaka nkhope mbee ngati agwera m'thumba la ufa. Mikanjo yotuwa yofanana, zipewa zobisa tsitsi ndi makutu omwe. Akuyenda pang'onopang'ono, mwendo uwu lero, winawu mawa. Azungu ndi ndalama zawo zonse alephera kugula ngakhale katebulo?

Taonga ndi uti? Ndisanaone bwino, magetsi apita.

Lachitatu

Ndakweza voliyumu, mwina ndimudziwira mawu. Mayi wina m'seweromo wagwada, akukuwa mosapuma, anzake akumuyankha. Posakhalitsa Bana Mwape, oyandikana nane nyumba, alowa osagogoda, chitenje m'chiuno, akulira kale. Pambuyo pawo azimayi ena, manja kumutu. Azibambo ayamba kutulutsa mipando yanga panja, wina wathamangira nkhuni.

"Nindani watisiya?" akufunsa Bana Mwape.

Palibe wamwalira, anthu inu, ndi Chifulenchi chabe! Abalalika nkhope zili gwaa, ngati ndawamana maliro. Bana Mwape potuluka: "Muzikambako imwe. Tataya misozi yamahala."

Mipando ndalowetsa ndekha. Msana!

Lachinayi

Nkhani yafika kutchalitchi. Ba Dikoni abwera, akuti amangodutsa. Nyumba yangayi ili kumapeto, kuseri kuli ngalande, amadutsa kupita kuti? Aonera ali chiimire, Baibulo m'khwapa.

"Ivi ni vinyau va bazungu. Mwana wanu ali che bwino uko?"

Asanjika manja pa TV, apempherera ndi limoti yomwe. Zitumbuwa zomwe ndimati ndikagulitse kumsika alawa mpaka mbale yaoneka pansi. Taonga sitinamufune n'komwe. Ndatopa.

Lachisanu

Kumsika sindinapite. Ndikuimitsa kanema, nkhope ndi nkhope, mphuno yanga pagalasi. Uyu watalika. Uyu mapewa ngati wonyamula makala. Uyu akadakhala, koma khosi si lathu. Ndimati ndione khungu la m'manja, onse avala magolovesi. Amene anakonza seweroli analibe mayi, ndithu.

Bana Mwape abwera kudzathandiza. "Ni uja, ayenda monga imwe." Ndayamba kukhulupirira. Kenako uja watsegula pakamwa: besi ya mwamuna.

Maso akuwawa. Kumufunsa mwiniwake ndikuchita manyazi. Mayi wanji wosadziwa mwana amene anamubereka kumsana?

Loweruka

Ndagonja, ndamuimbira foni. Akuseka mpaka kutsokomola.

"Amama, simunganione! Ise tenze kuimbila kumbuyo kwa nsalu. Benze kufuna mau yathu chabe. Mwamvela mwamene yamvekela bwino?"

Ali wokondwa kwambiri mwanayu, ndiye ndaseka naye. Ndamuuza kuti zamveka bwino zedi. Za Lamlungu sindinatchule.

Foni itaduka ndayatsanso. Zoonadi, pena anthu a ufa aja amatseka pakamwa koma nyimbo imapitirira, ikuchokera kuseri. Ndatchera khutu. Mawu ambirimbiri olukana ngati a munthu mmodzi. Ndabwereza, ndabwerezanso. Ake sindikuwapeza. Kale akalira pakati pa ana a komboni yonse ndinkasiya mafuta pamoto n'kuthamanga, osafunsa kuti ndani. Zandipweteka, ndisaname.

Lamlungu

Magetsi alipo. Lero lokha, tsiku lomwe ndimapemphera kuti apite!

Nyumba yadzaza, ena akusuzumira pawindo. Ba Dikoni ali pampando wabwino. Sewero layamba, anthu apirira, wina akusinza. Kenako funso lija.

"Manje Taonga ni uti?"

Onse akundiyang'ana. Ndaloza wina wakumapeto, wowerama mutu.

Nthungululu! Bana Mwape aimirira, akuvina: "Ni yeve! Ngakhale bamupake bwanji, ni wathu!" Ba Dikoni nawonso akuomba m'manja. Ana akukuwa dzina lake mpaka kumsewu.

Mwana wa eni, kaya ngwa dziko liti, walandira ulemu wonse wa komboni yathu ya George. Zilekeni zikhale choncho. Iwo akuonera wawoyo. Ine ndatsinzina, ndikumvetsera kuseri kwa nsalu.