Njere za Magalagadeya ndi Ludzu la Alamu

Mpaka lero, ku kalabu yathu ya alimi ku Rivirivi akangotchula magalagadeya, ine ndimayang'ana pansi.

Zinayamba nditapeza magalagadeya a kutchire m'phiri lina ku Machinga, atayanga pamiyala, tizipatso tili mbwee. Mbewu yodzimerera pamiyala chonchi ingaope chilala? Ndinathyola onse akupsa, ndipo ndisanafike n'kunyumba komwe ndinali nditalonjeza kale mbande kwa kalabu yonse (pakamwa panga sipadikira mvula).

Alangizi a zaulimi anati ndiyambe ndayesa ngati njerezo n'zamoyo. "Muziviike kaye kuti zoterera zija zichoke. Zoyandama mutaye, zomira muziyale pachiguduli chonyowa, muone ngati zimere."

Ndinafinyira zipatso zonse m'jagi, n'kuthira madzi, n'kuvundikira. Jagi yake iti? Ya alendo ija, yamaluwamaluwa. Ndinaikhazika pathebulo kuopa nkhuku (nzeru zanga zinathera pa nkhukupo).

Tsiku lina ndili kudimba, kunyumba kunafika alamu anga a Yusufu kuchokera ku Ngokwe, dzuwa la ku Balaka litawaphika. Paja mlamu sapempha madzi pakhomo pa mlongo wake. Ndinawapeza akupukuta ndevu.

"Alamu, juwisi wanuyu ngowawasa, koma walahi wandipulumutsa!"

"Nanga njere?"

"Iyayi, sindinatafune. Ndangomeza."

M'jagimo simunatsale ngakhale njere imodzi yoti n'kuyala pachiguduli. Powaperekeza, mimba yawo inayamba kubangula, ndipo titayandikira mtsinje anangondiponyera chikwama n'kulowa patchire ali liwiro.

Ku kalabu ndinasanduka nyimbo. Ndikangotulukira, anzanga amakuwa kuti, "Abwera a magalagadeya! Mbande zija zili m'thumba?" Manyazi anandigwira zedi.

Mvula itagwa, ndikudutsa patchire paja, ndinaona timbande titathithikana, tobiriwira bwino. Magalagadeya anga! Ndinakuwa mpaka amayi ochapa kumtsinje anadzidzimuka. Njere zinali zamoyo! Alangizi anati n'zosadabwitsa, kutchire mbalame zimafesa chimodzimodzi.

Ndinazula mosamala, n'kuthamanga nazo ku kalabu. Anthu anaombera m'manja, ndipo ine chifukwa cha chisangalalo ndinafotokoza njira yonse imene njerezo zinadzera. Manja onse anabwerera m'matumba. Palibe amene anatenga mbande ngakhale imodzi.

Chaka chino ndathyolanso ena. Alangizi akuumirirabe za chiguduli, koma ine ndawaimbira kale alamu kuti adzatichezere kukatentha.