Pansi pa Bedi la Alamu Anga

Kukhala kwanga koyamba mu Lusaka kunatha ndi manyazi, ndipo mpaka lero ndikadutsa ku Kanyama ndimayenda chozolika.

Zinali zaka zija mafakitale ankatsekedwa, mtengo wa ufa ukukwera ngati ukuthamangitsidwa. Ine, mwa nzeru zanga, ndinaona kuti imeneyo ndiyo nthawi yabwino yochoka ku Katete kukafuna ntchito m'tauni. Ndinafikira kwa akulu anga, amene ankalondera sitolo. Iwo ndi akazi awo, amake Tisa, ankakhala m'chipinda chimodzi chogawa pakati ndi nsalu: uko bedi lawo, kuno mphasa yanga. Mipando anali atagulitsa kale. Ntchito sindinaipeze (kunena zoona, ndinkaifunafuna mwaulemu kwambiri), koma tauni ndinaikonda. Kubwerera kumudzi chimanjamanja ndinkakuopa kuposa njala.

Ndiye m'komboni munamveka mphekesera yoti boma likulemba malova onse kuti liwakweze malole kubwerera kwawo kukalima. Posakhalitsa kunayamba kuoneka anthu ovala bwino, akuyenda khomo ndi khomo, kufunsa kuti m'nyumba mumagona angati, munachokera kuti, munabwera liti. Ankati ndi ofufuza za kuchulukana kwa anthu m'tauni. Ife malova sitinapusitsike.

Tsiku lina m'mawa, kunja kutachita mdima wa mvula, ndinawaona pazenera ali pakhomo loyandikana nafe. Akulu anga anali asanaweruke, alamu akutsuka mbale kuseri. Khomo linali limodzi, loyang'ana komwe kunali adaniwo. Sindinaganize kawiri. Ndinakankha nsalu ija n'kulowa pansi pa bedi, malo amene mwamuna wolongosoka sayandikira n'komwe.

Mvula inayamba. Ndinamva alamu akuti, "Ngenani, musanyowe. Nkhalani pa bedi, mipando tilibe."

Analowa mayi wina wonenepa bwino. Atakhala, mawaya a bedi anatsika n'kundipeza pamsana.

Mafunso anayamba bwinobwino: ana angati, mukufuna enanso, madzi mumatunga kuti. Kenaka mayi uja anafunsa ngati pali wachibale amene anabwera kuchokera kumudzi.

"Aliko mulamu wanga," anatero alamu. "Ayenda kusakila nchito, ati. Nchito yake ni kudya chabe. Saka ya unga siifika na pakati pa mwezi. Sopo nimabisa mu nsapato."

(Za sopoyo ndinkadziwa. Nsapato yake inali pafupi ndi mphuno yanga.)

Anapitiriza. Anafotokoza mkonono wanga, mapazi anga, ndi mmene ndimayang'anira m'mbale ya Tisa mwanayo asanamalize kudya. Alamu omwewa amene tsiku lililonse ankandigwadira pondipatsa madzi osamba m'manja! Zinandipweteka, koma bodza panalibe.

"Nanga inu muona kuti boma ichite chani pa bantu bobwela mu tauni?" anafunsa wofufuzayo.

"Iyo lole yamene bakamba, ibwela liti? Uyu ningamukwezeke neka."

Mayi uja anaseka mpaka bedi linandisindikiza pansi. "Kulibe lole, amai. Ise tifufuza chabe, sitipitikisa muntu."

Apo ndinazindikira kuti ndabisala pachabe. Koma kutuluka tsopano kunali kovuta kuposa kulowa. Ndinaganiza zodikira kuti mlendo apite, alamu apite kumsika, ine ndituluke ngati munthu.

Ndinaiwala kuti kuno ndi ku Kanyama, kumene pansi ndi mwala ndipo madzi a mvula sadziwa kolowera koma m'nyumba za anthu. Anayamba kulowa pansi pa chitseko. Ananyowetsa mimba, kenaka chibwano. Nsapato ya sopo ija inayandama n'kundidutsa. Ndinapirira.

"Mayo, sutukesi yanga!" anakuwa alamu. Anagwada, kupisa dzanja pansi pa bedi, n'kugwira mwendo wanga.

Kukuwa kumene kunatsatira kunaposa mvula. "Kawalala! Kawalala!" Anthu oyandikana nafe anathamangira m'madzimo, wina ndi mpini, wina ndi chitsulo cha mbaula. Anandikoka miyendo ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Nditaimirira, matope ali chuchuchu, onse anandizindikira. Wakuba akanamumvetsa. Koma mlamu, pansi pa bedi la mkazi wa mkulu wake?

Wofufuza yekha ndiye sanatekeseke. Anakweza miyendo pabedi, n'kundiyang'ana. "Ndimwe bamene munachoka ku Katete? Muganiza zobwelela kumunzi?"

Ndisanatsegule pakamwa alamu anayankha: "Mailo."

Ankatanthauza mawa, ndipo zinaterodi. Akulu anga atabwera anamvetsera nkhani ya malole mpaka kumapeto, osandidula. Kenaka anati akundikhulupirira, koma komboni yonse singandikhulupirire. M'mawa mwake anandiperekeza okha kokwerera basi, n'kuima pomwepo mpaka basiyo itanyamuka.

Choncho boma silinandithamangitse. Ndinadzithamangitsa ndekha, n'kuchepetsa anthu a mu Lusaka ndi mmodzi popanda lole.

Phunziro ndinalitola: amene angakubweze kumudzi si obwera ndi mafunso, koma amene amakuphikira. Komabe titakolola ndinabwereranso. Ndinafikira kwa msuweni wanga ku Chawama, nditayamba ndafufuza bwino. Iyeyo ndi mkazi wake amagona pansi.