Chipewa Chimene Chinagwetsa Kwacha

Amene akuti ndikunama adzuke, apite ku Misuku akaone nyumba ya Nakayange, akabwerako tidzakambirane. Ine sinditsutsana ndi munthu amene sanayende.

Zaka zimenezo eni mashopu onse a pa Chitipa Boma, ochokera kumwera ndi aja okapikula katundu ku Tanzania, sankaoda kanthu asanandiyang'ane. Ntchito yanga inali yowauza kumene chuma cha dziko chikulowera. M'mawa ndinkagunditsa khutu pa phula la msewu wa ku Karonga, n'kumva kwacha ikutsokomola ku Lilongwe, n'kumva malole a mafuta akuusa moyo kudoko, ndikanyambita fumbi la njinga zamoto n'kudziwiratu ngati shuga asowe. Mukumva? Poti sindikanatha kuyankha aliyense pakamwa, tinapangana chizindikiro. Chipewa changa chikakhala chowongoka, gulitsani mwamtendere. Chikapendekeka, kwezani pang'ono. Zoti chingachokeretu pamutu palibe anaziganizira.

Tsiku lina kunabwera Nakayange, mayi wamasiye wolima khofi, atagulitsa zokolola zake, akufuna malata mvula isanayambe. Anandipatsa moni wa kwawo, n'kundifunsa.

"Mwaghona, adada. Nigule lero, panji nilindire?"

Ndinamvetsera pa phula paja. Kwacha inali m'tulo, ikuliza mkonono.

"Dikirani mawa, mayi, atsikako."

Sindinatseke n'komwe pakamwa. Inabwera mphepo ija ya kuno, yosadzula nkhuku nthenga ikuyenda, n'kundivula chipewa, eni mashopu n'kuona dazi langa likung'anima padzuwa, zitseko mzere wonse kutsekedwa, wogulitsa malata kuimbira mlamu wake ku Karonga, mlamuyo kuimbira ku Mzuzu, Mzuzu kudzidzimutsa Lilongwe, ndipo nkhani zamasana pa wailesi zisanathe kwacha inali itagwa chagada. Mayi aja anangondiyang'ana. Ndinamva chisoni, sindibisa.

Ndinachithamangitsa chipewacho. Ndinalumpha mtsinje wa Lufita osanyowetsa chidendene, ndinapitirira lole ya chimanga mpaka dalaivala anatsika poganiza kuti yazima, ndinakwera mapiri a Misuku liwiro loti khofi wosakhwima ankafiira ndi kutentha kwa mapazi anga, ndipo chipewa chikakwera m'mwamba sopo naye ankakwera, chikatsika pang'ono amayi pamsika ankapumako. Mukunditsata? Ndinakachipeza m'nkhalango ya Mughese chili pamutu pa nyani, nyaniyo atachipendeketsa, n'chifukwa chake mchere unakweranso madzulo ake, ndiye tinalimbana, iye kukoka, ine kukoka, alonda a nkhalango akuonerera, mpaka chinang'ambika pakati.

Ndinabwerera pa Boma nditavala theka. Eni mashopu anasuzumira, anakambirana, anatsegula, koma katundu sanatsikenso mtengo mpaka lero, poti chipewa chong'ambika sichibweza kanthu. Ndalama za Nakayange zinakwanira malata a mbali imodzi ya denga. Mbali inayo ndi udzu, ndipo mvula ya ku Misuku mukuidziwa. Tikakumana sandipatsanso moni.

Tsono inu mumati kwacha amaigwetsa a ku Lilongwe ovala mataye. Zinenani. Koma chingwe cha chipewa ndamanga pachibwanochi si chokongoletsera ayi, dziko lonse likulendewera pamenepa. Iwe wakhala pafupiwe, sendera uko ndi lumo lakolo. Ukachidula, mbali inayo ukafolera ndiwe.