Galimoto inabanika pa njira ya ku Embangweni

Mpaka lero ndikafika kwa apongozi anga kufupi ndi Manyamula, azilamu anga amayamba aanula zovala pachingwe, kenako n'kubwera kudzandilonjera. Sindiwadzudzula.

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ntchito inandiponya pa Mzimba boma, ndipo mkazi wanga Tiwonge ndinamupeza konkuno. Mimba yake yoyamba itakula, anapita kukadikirira kwa mayi ake. Ndinkapitako Loweruka lililonse pa kagalimoto kanga, kamene ndinkakakonda mopitirira muyeso.

Chimene chinkandiwawa mtima ndi fumbi la msewu umenewo. Tsiku lina ndili kumudziko ndinatsegula boneti, n'kuona kukamwa kwa paipi yolowetsa mpweya mu injini kuli yasa. Ndinatola kansalu koyera kamene kanagwa pansi pa chingwe, ndinakapinda kawiri, n'kukamangirira pakamwapo ndi mphira. (Ndinadabwa kuti opanga galimoto, ndi sukulu zawo zonsezo, sanaganizepo zimenezi.)

Loweruka lotsatira ndinapeza pakhomo pali mpungwepungwe. Duku loyera la apongozi, lovala ku msonkhano wa amayi a mpingo, linali litasowa. Anali atakalipira kale ana, mbuzi, ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba. Ndinakasuzumira m'boneti mwakachetechete, ndipo ndinapeza duku lija lada bii. Ndinatseka boneti mwaulemu kwambiri.

Pobwerera, kanyali kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Galimoto inayamba kumwa petulo mosaona nkhope, kumbuyo ikulavula utsi wakuda. Ndinapita kwa a Nyirenda, makaniko wa pa boma. Analumikiza kamakina kawo pansi pa chiwongolero, nawerenga pang'ono.

"Petulo wachuluka chomene, mpweya ukuperewera. Injini ikubanika iyi, bwana. Tsegulani boneti tione."

Tsegulani boneti? Akazi awo a Nyirenda ndi msuweni wa apongozi anga. (Kuno ukakwatira mkazi mmodzi, boma lonse limasanduka azilamu.) Ndinanamizira changu, n'kuwapempha kuti angozimitsa kanyaliko. Anazimitsa, koma anandichenjeza kuti kuzimitsa nyali sikuchiza galimoto. Mumtima ndinati dukulo ndidzalichotsa mvula ikagwa, fumbi likatha.

Mwana sanadikire mvula. Loweruka lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Tiwonge anayamba kumva kupweteka, ndipo apongozi anaona kuti zinthu sizikuyenda bwino. Tinanyamuka kulowera ku chipatala cha ku Embangweni, Tiwonge atagona pamiyendo ya mayi ake kumbuyo.

Muyenera kudziwa kuti ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso. Ndi ulemu wake. Mawu onse ankadzera mwa Tiwonge. Choncho apongozi ankauza mwana wawo kuti auze adada athamangitse galimoto, ine n'kumuuza kuti auze amama kuti ndikuyesetsa, munthu ali pa ululu wotero.

Tisanafike patali kanyali kaja kanayakanso. Ndinakaphimba ndi chala chachikulu, ngati kuti galimoto siidziwa. Pa chitunda china injini inayamba kutsokomola. Ndinaponda mafuta, inalavula utsi, inanjenjemera, kenako zii. Kumanzere tchire, kumanja munda wouma. Panalibe ngakhale njinga. Foni inalibe netiweki.

Ndinaliza kiyi. Injini inangolira osadzuka, fungo la petulo lili guu. Kumbuyo Tiwonge anasiya kubuula, anangoyamba kupuma mofulumira, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kubuulako. Apongozi anayamba kupemphera m'Chitumbuka.

Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chavuta. A Nyirenda anali atanena kale. Koma ndikuuzeni zoona, ndinataya kamphindi ndithu ndikugwiragwira mawaya a batire, kufunafuna vuto lina lililonse limene silinali duku.

"Bambo a mwana," anatero Tiwonge ndi mawu otsika, "ndikachirira pamsewu pano, simudzandionanso."

Ndinamasula mphira uja. Duku linali litakokedwera m'kati mwa paipi, litauma gwa ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta. Ndinalikoka pang'onopang'ono, ndipo linkangotuluka osatha. Nditatembenuka kuti ndiliponye kutchire, ndinapeza apongozi atsika, aima pambali panga, akuyang'ana timaluwa timene anasokerera okha pangodya ya dukulo.

Anatambasula manja onse awiri, ine n'kulipereka nditanyonyomala, monga mmene mkamwini amaperekera mphatso.

Ndinalizanso kiyi nditaponda mafuta mpaka pansi. Injini inatsokomola, inatulutsa chiutsi chimene chinadetsa msewu wonse, kenako inadzuka. Sindikumbuka mabampu a njira yotsalayo. Ndimangokumbuka anamwino akuthamanga ndi machira, ndi mmodzi wa iwo akutikalipira kuti tinachedweranji.

Mwana anabadwa madzulo omwewo, wamkazi, ndipo onse awiri anali bwino. Ndinakhala pakhonde la chipatala n'kulira ngati mwana, osasamala za anthu odutsa.

Ndili pomwepo apongozi anabwera. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, analankhula nane popanda mkhalapakati.

"Yewo, adada, mwatifikitsa. Mbwenu galimoto yanu ikafunanso kuvala, muzindiuza. Ndili ndi lina lakale."

Duku lija analichapa, koma banga la mafuta silinachoke. Lovala kumpingo anagula lina. Lakale lija amalisunga bwino, ndipo amalivala tsiku limodzi lokha, limene ine ndabwera.