Mapadi a Sipanala

Pulani inabadwa Lachitatu masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mayi wina wotcheza kachasu ku Senga Bay. Anaibereka ndi Yakobo, amene anzake ankamutchula kuti Jenerale chifukwa analonderapo pa loji ina miyezi itatu, n'kuthawako ndi jombo za eni ake. Chiyambire pamenepo sankayankhulanso ngati munthu wamba. Ngakhale botolo ankachita kulilamula.

Anajambula mapu pamchenga ndi kamtengo. Apa shopu ya Che Mustafa, ogulitsa maukonde, zingwe ndi mainjini a boti. Apa mzikiti. Lachisanu lililonse dzuwa likafika paliwombo, Che Mustafa ankavala mkanjo wawo, kupachika kaloko kakang'ono pachitseko, n'kupita ku swala ya Juma pamodzi ndi theka la mudzi. Kwa ola lathunthu, injini yatsopano ya boti inkatsala yokha m'shopumo, ndipo wogula anali atapezeka kale ku Khombedza.

"Mbava zopusa zimaba agalu ali maso," anatero Jenerale. "Ife tikaba eni ake ali kwa Mulungu. Dilu ya mashasha imeneyi."

Davie anavomereza ndi mutu ngati munthu amene waona madilu ambiri. Iyeyu ankatchedwa Sipanala. Ankauza aliyense kuti anakhala chaka pa galaja ina ku Salima, zimene zinali zoona. Chimene sankanena n'chakuti ntchito yake kumeneko inali yotsuka magalimoto.

Wachitatu anali Yesaya, mwini chiwongolero koma osati mwini galimoto. Dzina lake la pamowa linali Ndikafunse, chifukwa limenelo ndiye linali yankho lake pa chilichonse, ngakhale mutamupempha machesi. Anali mkamwini, mwamuna wa Mayi Salome, mzimayi wa geni ya usipa amene ankatumiza nsomba ku Lilongwe pa kapikapu kake koyera. Yesaya anabwera pakhomopo kuchokera ku Khombedza ndi jumbo imodzi ya zovala. Nyumba, kapikapu, ngakhale malaya amene anavala tsikulo, zonse zinali za Salome. Kawiri konse anali atakhalitsidwa pansi ndi ankhoswe, koyamba atagulitsa tayala la sipeya, kachiwiri atagulitsa jeke. Salome ananena poyera kuti kachitatu savutitsanso ankhoswe, banja lidzangothera pomwepo.

Ine ndimamumvera chisoni Yesaya mpaka lero. Iyeyo ankamukonda zenizeni mkazi wake, kumuopa ndiye osanena. Anangofuna kuti tsiku limodzi alowe m'nyumba muja atanyamula kanthu kogula yekha. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sananene kuti akafunse, ndipo inali nthawi yokhayo imene anayenera kukafunsa.

Mwayi wa galimoto unabwera wokha. Mabuleki a kapikapu anali atayamba kulira, ndiye Salome anagula mapadi atsopano ku Lilongwe, nalamula kuti Lachisanu m'mawa Yesaya apite nawo kwa Che Nasir, makaniko wodalirika m'dera lonselo, kuti akaike. Jenerale atamva anakana kwamtuwagalu. Che Nasir anali mlamu wa Che Mustafa. Komanso munthu wake ndi wodekha, amatsuka bawuti iliyonse ngati mwana wakhanda, ndipo nthawi ya Juma ikakwana amasiya galimoto pa jeke n'kupita kukaswali. Gulu lili ndi injiniya wakewake, lipitirenji kwa alendo?

Lachisanu m'mawa anakokera kapikapu kuseri kwa chigayo. Zipangizo za Sipanala zinali hamala, pulayasi yobwereka ndi mwala. Atachotsa tayala anatenga padi imodzi n'kuitembenuzatembenuza. Padi ili ndi mbali ziwiri: ina yokhakhala, imene imagwira chimbale chozungulira chija kuti galimoto iime, ina yachitsulo, imene imakhala kumbuyo. Mwana aliyense wa pagalaja amadziwa zimenezi. Sipanala anakanda mbali yokhakhalayo ndi chikhadabo, napukusa mutu, n'kulengeza kuti mbali yofewa chotero singalimbane ndi chitsulo, ingathe tsiku limodzi. Chitsulo chimafuna chitsulo chinzake.

Anaika mapadi onse chagada. Pamene anakana kulowa, anawanyengerera ndi hamala. Pomaliza panatsala mabawuti awiri pamchenga.

"Nanga awa?" anafunsa Yesaya.

"Owonjezera amenewo, aise. Kufakitale amaika ambiri dala kuti ziziwoneka zovuta."

Pamalo pa mabawutiwo anamangapo waya amene anathyola pa mpanda wa chigayo, naupotokola katatu kuti mtima wa dalaivala ukhale pansi. Popita ku shopu Yesaya anaponda buleki kamodzi, galimoto n'kukuwa ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Sipanala anati mapadi atsopano amatero, akuzolowerana ndi chimbale.

Apa mudziwe chinthu chimodzi. Batire la kapikapu linali lotopa, moti galimotoyo sinkalira ndi kiyi. Madalaivala a magalimoto otere amadziwa mwambo wake: umaimika pamtsetse, mphuno kuloza kumunsi, mwala kutsogolo kwa tayala. Pochoka umachotsa mwala, galimoto iyambe kutsetsereka, uike giya, injini idzuke. Shopu ya Che Mustafa inali pamwamba pa mtsetse wabwino kwambiri. Kumunsi kwake kunali kanjira kokhotera kumanja kopita ku tala. Ukapitirira kanjirako, kutsogolo kunali mathandala oyanikapo usipa, ndipo kuseri kwa mathandala kunali nyanja.

Kuba kwenikweniko kunayenda bwino mochititsa manyazi. Kaloko kanagonja ndi hamala kamodzi kokha. Injini inali yolemera kuposa mmene mapu a pamchenga anaonetsera, koma anaigubuduza, kuikweza, n'kuifunditsa lona wonunkha nsomba. Mumsewu munalibe munthu, kupatula mbuzi ziwiri. Jenerale anakwera kumbuyo n'kukhala pa injiniyo, manja m'chiuno. Sipanala anachotsa mwala, nathamangira kutsogolo.

Kapikapu kanatsetsereka, injini yake inadzuka, Jenerale anamenya denga posangalala. Kanjira ka kumanja kanayandikira. Yesaya anaponda buleki.

Panamveka kukuwa kuja, kenako kuti thapu, waya waduka. Chinachake chinagwa pansi n'kugubuduka kulowa m'tchire. Phazi la Yesaya linamira mpaka pansi osakumana ndi kanthu. Anapondanso, anapondanso, ngati akupopa madzi pa mjigo wouma.

"Khota," analamula Jenerale kumbuyoko.

"Mabuleki palibe."

"Akuzolowerana," anatero Sipanala, koma dzanja lake linali kale pa chitseko.

Yesaya anakoka handibuleki, ngakhale ankadziwa bwino kuti chingwe chake chinaduka chaka chatha. Kanjira ka ku tala kanadutsa mwaulemu kudzanja lamanja. Thandala loyamba linalowa pagalasi ndi usipa wake wonse, lachiwiri linatsatira, lachitatu linanyamula Jenerale n'kumukhazika pamchenga, jombo m'mwamba. Kapikapu kanawoloka gombe, kanalowa m'madzi, kanayenda pang'ono ngati kakuganizira za ku Likoma, kenako kanaima madzi ali m'mawindo.

Nthawi yomweyo n'kuti swala itatha. Anthu anatuluka mumzikiti n'kuona galimoto ili m'nyanja, ndipo poti ndi anthu achifundo anathamanga onse, mikanjo atakwinyira m'maondo. Anavuula Yesaya ndi Sipanala, anadzutsa Jenerale n'kumuchotsa usipa m'makutu. Amene anatsogolera ntchito yopulumutsayo anali Che Mustafa. Anatuma anthu kukatenga chingwe chatsopano ku shopu kwawo, osadandaula kuti chinyowa, ndipo analowa okha m'madzi kukachimanga. Chingwe chitalephera kukoka, anati galimoto yalemera, ayambe atsitsa katundu. Anavundukula lona ndi manja awo.

Anaiyang'ana injiniyo nthawi yaitali. Pepala la mtengo, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe, linali likulendewerabe pa chogwirira. Otumidwa ku shopu aja anali atanena kale kuti apeza chitseko chili pululu, koma m'chipwirikiti chija palibe anawamvera.

Jenerale anayesa kufotokoza kuti anaipeza injiniyo panjira ndipo amaipititsa kupolisi. Wina anafunsa ngati polisi inasamukira m'nyanja. Sipanala anayesa kuzemba, koma mathalauza onyowa sathamangika, ndipo amayi a mathandala aja anali atamuzungulira kale, aliyense ndi mtengo wa thandala lake m'manja.

Kapikapu katafika pamtunda, Che Nasir anagwada, nasuzumira kuseri kwa tayala. Anatulutsa padi imodzi yotsala, yopindika, mbali yokhakhala ili yatsopano ngati ya m'sitolo. Anaikweza m'mwamba kuti aliyense aone, nafunsa modekha kuti waika izi ndani. Yesaya ndi Jenerale analoza Sipanala. Sipanala analoza kufakitale.

Mayi Salome anafika pa kabaza apolisi atafika kale. Anthu anapatuka, akudikira mkuntho, chifukwa mawu a mayiyu amamveka kuchokera ku gombe mpaka ku tala. Koma sanakalipe. Anazungulira galimoto yawo kamodzi, anatsegula chitseko madzi n'kukhuthukira pamapazi awo, anazula kiyi n'kumumangirira pa nsonga ya chitenje. Kenako anapempha Che Nasir kuti aikokere ku galaja. Yesaya anali atakhala pamchenga, unyolo umodzi ndi Sipanala.

"Amayi a kunyumba," anayamba Yesaya, "ndimati ndikugulireni..."

Salome sanatembenuke. Wapolisi, kabuku m'manja, anawafunsa ngati galimotoyo inali yawo, ndipo anavomera. Anafunsanso ngati dalaivalayo anali bambo a kunyumba kwawo, kuti alembe kumene amakhala.

Salome anamuyang'ana Yesaya koyamba tsiku limenelo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Malayawo ndi anga, akavule akauma," anatero. "Mwini wakeyo lembani Khombedza."