Ukatswiri wa pa Sofa Unandithyola Phewa

Anzanga akayamba kukamba za mpira wa ku America, ine ndimanyamuka n'kukaika ketulo pamoto. Ali ndi chifukwa chondiseka, ndipo lero ndikuuzani ndekha asanakuuzeni mokokomeza.

Nthawi imeneyo zinthu zinali zitathina ku Dublin. Makampani ankatseka, ntchito yanga yokolopa ku airport inali itatha. Ndinkakhala ku Rathmines ndi Tembo, mnzanga wa ku Chipata, amene anali ndi gemu ya pa TV ya mpira uja ovala zisoti amagundana ngati atonde. Lova ndi gemu, mukudziwa kale.

Ine ndinakonda mbali yotchinga. Mu gemumo umasankha kaimidwe ka anyamata ako: anayi kutsogolo, atatu pakati, kapena kuwamasula onse akagwire woponya mpira asanaganize n'komwe. Bwalo lonse umaliona kuchokera pamwamba, mizere ikusonyeza koti aliyense athamangire. Ndinafika poti Tembo sankadutsa. (Zoti ankasewera uku akulembera chibwenzi mameseji ndinazimva mochedwa.)

Loweruka lina tinapeza ma Irish akuchita training ya mpira womwewo ku paki. Ndinaima pambali manja kumbuyo, kenako pakamwa panandithawa. Ndinauza kochi wawo, bambo wandevu zofiira, kuti otchinga ake aima molakwika, asiya mpata pakati. Anandifunsa komwe ndinaphunzira.

"Ndasewera kwambiri," ndinatero. Sindinatchule sofa.

"Iwe, Monday uli na interview," Tembo anandinong'oneza. "Tiye kunyumba."

Ankanena zoona. Shopu ina ku Balbriggan inkafuna security, ndipo kanali koyamba kuitanidwa chichokereni ku airport.

"Amwene, masewerawa ndi amutu, si aminofu," ndinamuyankha.

Kochi uja anandiveka chisoti chonunkha thukuta la munthu wina, n'kundiimika pakati penipeni, pamalo a wolamula anzake. Apa m'pamene ndinazindikira kuti pansi palibe kamera. Bwalo lonse lija linasowa. Ndinkangoona mimba, ntchafu, ndi nthunzi ikutuluka m'zisoti. Mizere panalibe. Ndinakuwa dzina la kaimidwe kanga kodalirika ka mu gemu, anzanga anayang'anana, n'kusuntha monyinyirika. (Chala changa chachikulu, ndikulumbira, chinali chikufufuza batani mumphepo.)

Mpira utangochoka, chimunthu chonga firiji chinatulukira pampata umene ndinayenera kutseka ine. Mu gemu, ukadina amagwa. Uyu sanagwe. Ndinaona mitambo, kenako udzu, kenako mitambo.

Anthu a pa TV akagwetsedwa amadzuka n'kubwerera pamzere. Ine ndinadzutsidwa ndi anthu, phewa likuloza kwina.

Monday ndinapitabe ku Balbriggan, suti yobwereka, dzanja lomangiriridwa m'khosi. Mayi wofunsa mafunso anandiyang'ana mwachisoni.

"Wakuba akathawa, mumugwira ndi dzanja liti?"

Ntchito anaitenga wina, ine ndinakhalanso pakhomo nyengo yonse yozizira, osatha ngakhale kugwira mabatani.

Patapita nthawi ndinakumana ndi kochi uja mu basi. Anandikumbukira, n'kundigwira phewa lomwelo.

"Ukudziwa," anatero, "kaimidwe unanena kaja kanali kolondola. Timakagwiritsabe ntchito."

Mtima unayamba kufunda. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndimuuze kaimidwe kena kamene ndinkakadziwa.

"Vuto linali munthu amene tinamuika pakati."

Ndinatsika siteji isanakwane, n'kuyenda wapansi pamvula.