Mphuno Yobwereka ya a Radivoj

A Radivoj anali ndi mphuno yaikulu kuposa wina aliyense m'mudzi mwathu, koma inali yongodzazitsa nkhope. Zaka makumi atatu za m'khola la nkhuku zikwi zisanu zinaipheratu. Kuwanunkhizitsa duwa kapena chitosi, yankho linali limodzi: "Zikomo." Choncho ankabwereka mphuno za anthu, ndipo yanga, ine Milutin wogawa makalata, anaibwereka mpaka kutsala pang'ono kuiyesa yawo.

Mavuto anayamba ndi mayi Smiljka, mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda wawo. Atatopa ndi kuyanika nsalu zoyera n'kuyanula zonunkha khola, analembera ofesi ya boma m'tauni. Yankho ndinabweretsa ndine: wodandaulayo akapanda kubweza dandaulo lake, khola litsekedwa.

Madzi atafika m'khosi, a Radivoj anamva kwa dokotala wa ziweto kuti ukapaka makoma utoto wina woyera n'kuuwalitsa ndi nyali zapadera zotchedwa UV, mpweya woipa wa zitosi umachepa. Dokotalayo anati "umachepa." Iwo anamva kuti "umatha." Anapaka makoma, denga, zitseko, ngakhale wilibala. Galu anapulumuka chifukwa cha liwiro.

Mu Januwale ansembe anabwera kudzadalitsa nyumba ndi madzi, ndipo a Radivoj anawakokera kukhola. Pansi pa nyali zija chilichonse choyera chimanyezimira. Ndevu za ansembe zinangoti ngwee, nkhuku zikwi zisanu n'kukhala chete.

"Abambo, mwasanduka woyera mtima!"

"Radivoj, zimitsa zinthuzi."

"Ndizimitsa. Koma poti mwalowa kale, tanunkhizani."

Komabe mphuno yoweruza inali imodzi yokha. M'mawa uliwonse a Radivoj ankavala chipewa cha kutchalitchi n'kukaima pampanda. Mayi Smiljka ankatenga nsalu pachingwe, kuiika pamphuno, kutsinzina.

"Bwanji lero, mayi?"

"Ikununkha."

"Ngati dzulo?"

"Dzulo inkanunkha nkhuku. Lero ikununkha nkhuku yophunzira."

"Ndiwonjezera nyali ziwiri."

"Muwonjezere ndi nzeru. Khofi mumwa, kapena muzingoima ngati mtengo wa magetsi?"

Khofiyo ankadutsa pamwamba pa mpanda, nthawi zina ndi keke ya mapulamu. Zinayenda choncho zaka zinayi. Nyali zinachuluka moti madalaivala a mathiraki ankaima kufunsa ngati kuli dansi. Ife ena tinkaona kuti fungo latsika ndithu, mawindo tinkatsegula, koma tikawauza a Radivoj ankangopukusa mutu.

"Mphuno zanuzo n'zaulemu. Ya a Smiljka sinama."

A Radivoj anamwalira m'dzinja, akusintha nyali, makwerero ali chiimire. Pa tsiku la makumi anayi chimwalirireni, tikudya tirigu wowiritsa wa chikumbutso kumanda, mayi Smiljka anandikokera pambali. Maso anali ofiira.

"Milutin, ndinamulakwira munthu uja. Nsalu zanga zinasiya kununkha zaka zitatu zapitazo, ndipo dandaulo ndinakabweza ndekha. Koma ndikanati 'sikununkha,' akanabweranso kumpanda kudzatani? Wapita akuopa kuti amulanda nkhuku zake."

Pantchito yanga sitiulula za m'makalata, koma tsiku limenelo ndinaswa lamulo.

"Mayi, kalata yoti nkhani yatha ndinawapatsa m'manja ndine. Anaiwerenga kawiri, n'kuibisa m'chipewa. Anati, 'Milutin, ukauza munthu ndikupaka utoto. Ukufuna ndisowe chopitira kumpanda?'"

Mayi Smiljka anatsitsa supuni.

"Nanga nyali ankawonjezera zija?"

"Kuti bodza lanu lisachite manyazi."

"Chitsiru cha munthu," anatero, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Khofi wanga yense uja!"

Khola analigula anthu a kutali. Nyali anachotsa theka, akuti zotsalazo n'zokwanira, ndipo n'zoona, mpweya uli bwino. Koma ine ndikadutsa ndi njinga palibenso wondigwira chikwama kuti ndinunkhize, ndipo ndimawasowa koopsa. Mayi Smiljka amayanikabe nsalu pafupi ndi mpanda, ngakhale dzuwa limafika bwino mbali inayo. Dzulo ndinawapeza nsalu ili pamphuno.

"Bwanji lero, mayi?" ndinafunsa.

"Sikununkha kanthu, Milutin," anatero. "Kanthu n'komwe."